Madontho Atatu Ofiira a Mayi Tunnicliffe

Malemu Mayi Mavis Tunnicliffe, amene tabwera kudzawaperekeza lero, anabadwa pa 9 Malichi 1939 konkuno ku Longton, m'banja la oumba mbale. Sukulu anaphunzira ya pampingo pompano. Mu 1954 analowa ntchito pafakitale ya mbale zadothi ya Wardlow, yomwe ng'anjo zake zinayamba kufuka utsi mu 1806.

Ntchito yawo inali yojambula maluwa pa makapu. Nthawi imeneyo wojambula sankaloledwa kulemba dzina lake. Aliyense ankangoika kachizindikiro kunsi kwa kapu, ndipo ka mayiwa kanali madontho atatu ofiira. Zimenezi zinkawapweteka mtima, sankabisa ayi. Ankati dzina la bwana lafika mpaka m'nyumba za mafumu, koma eni manja palibe akuwadziwa.

Mu 1961 anakwatiwa ndi malemu Bambo Cyril Tunnicliffe, ootcha mbale pafakitale yomweyo. Paja ife a kuno sitingagwire mbale osaitembenuza kuti tione komwe inaumbidwa. Tsiku lokaonekera kwa apongozi, Mayi Mavis anatembenuza kapu tiyi ali momwemo. Apongoziwo anangoti, "Iwe Cyril, ameneyu ndi wathu ndithu. Koma nsalu yapatebuloyi achapa yekha."

Fakitale itatsekedwa mu 2008, kunamveka zoti aigwetsa. Malemu sanagone nazo tulo. Anayenda khomo ndi khomo, nalankhula m'misonkhano mpaka mawu kusasa, kufikira ng'anjo imodzi ndi chipinda chojambulira zinasiyidwa kuti alendo azidzaona. Oonetsa alendowo anali iwo eni. Mlendo sankatuluka asanatembenuze kapu ndi kumva dzina la amene anaijambula, popeza zizindikiro za anzawo onse anazisunga pamtima.

Mu 2022 anayamba kudwala matenda oiwalaiwala. Imfa sankaiopa mayiwa. Chimene ankaopa n'chakuti mayina a anzawo alowa nawo m'manda. Choncho anagwira mwana wawo Gillian, Lamlungu lililonse makapu patebulo, kumufunsa mayina a eni zizindikirozo ngati mwana wasukulu, chikhalirecho ali ndi imvi zake. Chaka chatha, iwo atayamba kusokoneza mayina, ndi Gillian amene ankawakumbutsa. Lero akuonetsa alendo ndi iyeyo, ndipo palibe dzina lomwe latayika. Malemu anatisiya pa 2 Febuluwale 2024, ali ndi zaka 84.

Asiya ana awiri, Gillian ndi Roger, ndi zidzukulu zisanu. Banja likuthokoza anamwino amene anawasamalira, abusa athu, ndi anzawo a pafakitale amene anyamula bokosi.

Tikachoka kumanda, tonse tikamwa tiyi muholo ya mpingo. Makapu amene mukamwere anajambula ndi iwo. Chonde, muyambe mwamaliza tiyiyo, kenako mutembenuze. Mukaona madontho atatu ofiira, mutchule dzina lawo mokweza.

Mayi Mavis Tunnicliffe, mzimu wanu uuse mumtendere.