Lole ya Asilikali Yopanda Jeke

Aulutsi ndi omvera anzanga, pa Kamwendo panalibe munthu wondiposa kunenerera mtengo. Matipate atangobwera, ndinagula chilole chakale cha asilikali. Mwini wake ndinamupanikiza mpaka anati, "Chabwino achimwene, koma jeke ndi sipanala yake zitsala." Ndinangoseka, poti kajeke ka pikapu yanga kanalipo.

Tsiku lina ndikuchokera ku Mkanda nditadzaza mtedza, tayala lakumbuyo linaphulika. Kajeke kaja sikanafike n'komwe kumimba kwa loleyo. Tayala lapadera, londilekeza pachifuwa, nditalimasula linagwa n'kugona pansi, osatheka kulidzutsa ndekha.

Odutsa pa njinga anali alimi omwe ndinawafinya pa mtengo m'mawa womwewo. Bambo wina anati, "Linenerereni tayalalo bwana, mwina lipepuka," napalasa n'kumapita.

Ndinakhala pa tayalapo ndikutafuna mtedza wauwisi, popanda ndi mmodzi yemwe wondipepesa. Wogula wa ku Zambia yemwe ndinkamupititsira mtedzawo atatopa kundidikira pa boda, anagula kwa ena. M'mawa mwake ndinakagogoda kwa mwini jeke uja kuti andigulitse, ndipo anandipatsa mpando akumwetulira. Tsono omvera, pamenepa anapambana ndani?