Chipsera cha Pakhosi pa Galu Wosaka

Pamzere wa katemera kwa dokotala wa ziweto, bambo wina anayang'anitsitsa galu wamakutu aatali amene mayi wachikulire anamugwira pachingwe.

"Mayi, ameneyu ndi wosaka weniweni, eti? Mumaweta nokha?"

"Zaka makumi awiri tsopano, bambo. Msana unatha kale n'kutsuka makola."

"Kukabadwa tiana mundisungireko kamodzi."

"Chaka chino kulibe. Make waswa katatu, apume, si makina. Kodi muli ndi mpanda? Nanga azithamanga naye ndani m'mawa uliwonse? Amenewa moyo wawo uli pamphuno. Akapanda kununkhiza kutchire amalira ngati pamaliro."

"Aa, mafunso ngati ndikufunsira mwana wanu! Ine ndingomumanga patcheni pageti, aziopseza akuba."

"Akuba? Ameneyu wakuba amamunyambita manja. Taonani pakhosipa."

"Ii, ubweya unapita kuti? Chipsera chonsechi?"

"Tcheni. Anabadwira m'manja mwangamu, ndinamupereka kwa bambo wina waulemu ngati inuyo. Patatha zaka ziwiri ndinakamumasula ndekha pageti, nthiti zili poyera. Sanandizindikire."

"Ndiye simundipatsa?"

"Ndatopa n'kukatenga ana anga, bambo. Tasenderani, mzere wayenda."