Mphutsi pakhosi pa Bulaki

— Halo? Halo, Tionge?

— Ndikumva, atate. Mwaswera bwanji?

— Taswera, kaya iwe ku Lusaka uko?

— Ndili bwino. Nanga amayi, mwendo uja?

— Ayamba kupondera. Akupatsa moni. Kuntchito?

— Kuli bwino. Mvula yagwa ku Zemba?

— Ikungogunda cha kwa Mlolo. Tamvera, tokotaimu yanga ndi yochepa. Ntchentche zako zija zilipo?

— Ziti, atate?

— Zimene mumaweta ku labu. Si unati munazisintha chibadwa, zikakwatira zakutchire ana ake amafa? Unditumizireko pa basi, ngakhale m'kabotolo.

— Ha, atate! Zimenezo sizituluka panja, tikuziyesabe. Chilolezo chake chingatenge zaka. Mukuzifuniranji?

— Ndi Bulaki. Goli linamusupula pakhosi, ntchentche zaikirapo mazira. Mphutsi zili nyakanyaka, mwanawe. Ng'ombe yatsala ndi yomweyi. Ndilimira chiyani?

— Mayo! Koma zathuzi sizichiza bala, atate. Zimangochepetsa ntchentche zam'tsogolo.

— Zam'tsogolo! Ine ndikunena zalero. Sukulu yonse ija, ungodyetsa ntchentche, ng'ombe ya atate ako ikuola?

— Musatero, mtima ukundiwawa. A vetenale mwawaitana?

— Ali ku boma, foni sakuyankha. Ndiye m'mawa ndathirapo mankhwala.

— Mankhwala ati?

— Opopera thonje. Mnansi wathu Manase anati ngati amapha mbozi, mphutsi zingalimbe?

— Atate! Munasungunula ndi madzi?

— Ayi, ndimafuna agwire msanga. Mphutsi zagwadi zonse. Koma tsopano akunjenjemera, dovu lili chuchuchu, wagona pansi.

— Ndi poizoni ameneyo, walowera pabala! Tsukani ndi sopo, madzi ambiri, pompano!

— Tatsuka kale. Palibe chasintha. Ulibe jakisoni kumeneko?

— Ngakhale ndimupeze, basi ifika mawa. Ndilibe chochita, atate. Ndilibiretu.

— Basi. Ndimayesa iwe... Dikira, amako akukuwa kukhola. Ati chiyani? Aa. Akuti akutha. Manase wabwera ndi mpeni, timudule asanafe, anthu agawane nyama. Abwera kale ndi mabeseni.

— Iyayi! Nyama imeneyo musadye! Mankhwala ali m'magazi, ana afa nayo!

— Ukuti chiyani? Ukudukaduka, netiweki...

— Ndikuti mukwirire! Musapatse munthu!

— Ndithamange, mwanawe, tokotaimu yatha. Tsala bwi...

— Atate, musadye! Halo? Atate! Halo?