Tsiku Limene Ndinathira Mtedza M'kachigayo ka Madamu

M'chaka cha 2009, inu musanaganize n'komwe zokwera basi yobwera ku Joni kuno, ine ndinali nditayamba kale imvi za m'mbalimu, ndipo ndinkagwira ntchito ya m'nyumba kwa mayi wina wachizungu, wamasiye, kumpoto kwa tauniyi, uko kumene mitengo imaphimba misewu. Khalani pansi bwino ana anga, madzi sanawire, ndipo kachigayo ka khofi mukukasuzumira pa shelefupo kasiyeni kaye, mumve mmene kanafikira m'nyumba muno.

Chaka cham'mbuyo mwake, cha 2008 chija, ine ndi agogo anuwa, mayi a Tamanda, tinathamangitsidwa ndi anthu odana ndi alendo ku Diepsloot komwe tinali ndi kachisakasa kathu ka malata, ndipo tinatuluka ndi bulangete limodzi ndi poto. Madamuwo atamva, anatipatsa kachipinda ka kuseri kwa nyumba yawo. Kanali kakang'ono, ukatambasula mwendo umagunda khoma, koma kanali ndi chitseko chokhoma, mpopi panja, ndi mpanda umene munthu wa chikwanje sangaulumphe. Inu masiku ano mumadandaula kuti chipinda chilibe netiweki, koma ife tinkathokoza kumva loko akulira. Ntchito ikanatha, chipindacho chikanapita nayo limodzi, ndipo kobwerera kunalibe.

Madamu amenewa sankavuta pa zakudya, koma pa khofi anali munthu wina. M'khitchini munali kachigayo ka magetsi, kolemera, kamene malemu amuna awo anagula kale kwambiri, ndipo m'mawa uliwonse ndinkathiramo njere za khofi, n'kugaya, n'kuthira m'kabotolo kagalasi kamene umathiramo madzi otentha kenako n'kupondereza sefa pansi. Chodabwitsa n'choti ine ndili mnyamata ndinatchola khofi pa esiteti ina ku Thyolo mpaka zala kuchita zikang'a, koma kumwa ayi, sindinkamwa. Ndinalawa kamodzi n'kulavula, ndinati azungu amalipira ndalama kuti amwe ndulu. Ine wanga anali tiyi wa shuga masupuni atatu.

Tsono agogo anuwa chichokereni ku Diepsloot thupi silinabwerere m'malo mwake. Anawonda mpaka mphete kumavuka yokha, ndipo chilichonse ndikawapatsa ankangolawa n'kukankha mbale. Tsiku lina anangoti, "Bambo a Tamanda, ndikanapeza nkhwani wotendera, mwina ndikanadya." Nkhwani ndinaupeza ku msika wa ku Yeoville, mtedza unabwera pa basi kuchokera kwa mchemwali wanga, koma mtondo ku Joni uupeza kuti? Ndipo ngakhale utaupeza, ukangoyamba kusinja kuseri kwa nyumba ya azungu, aneba ayimbira achitetezo kuti kwabwera akuba ogumula khoma.

Sabata imeneyo madamu anali atapita ku Durban kukaona mwana wawo. Ine ndikukolopa m'khitchini maso anagwera pa kachigayo kaja, ndipo nzeru za kumudzi zinandibwerera, ndinati chigayo ndi chigayo, chogaya khofi chilephera bwanji mtedza, poti mtedza ndi wofewa? Musaseke, inunso mukanatero. Ndinakhuthulira khofi wogaya kale amene anatsalamo m'kambale, ndinathira mtedza wodzaza manja awiri, n'kudina batani. Poyamba kanalira bwinobwino, kenako kanayamba kubuula ngati ng'ombe yakodwa m'matope, ndipo m'malo moti ndizimitse ndinakagwedeza kuti mtedza utsike. Kunamveka fungo la waya wopsa, kautsi kanatuluka kunsi, basi zii. Nditatsekula ndinapeza m'kati monse mwamata chiponde. Safunsa anadya phula, ine ndinadya langa tsiku limenelo.

Ndinakauza agogo anuwa. Iwo anati, "Ndiye mwati ine ndidye nkhwani, tikagone kuti?" Ine ndinangokhala pa ndowa.

Mawa lake ndinaitana mnzanga a Sitima, amene anabadwira pa famu ku Zimbabwe koma makolo awo anali a ku Dedza, munthu wa maganyu amene ankadziwa ngodya iliyonse ya Joni. Anayesa kukatsekula ndi sikuludilaiva, ananunkhiza, n'kupukusa mutu. "Eish, achimwene, injini yapsa iyi. Koma musavutike. Tsukani bwino chipondechi, madamu akabwera muwauze kuti magetsi anathima n'kubwera mwamphamvu. Chinthu chakale ichi, ndani angakutsutseni?" Ndipo madzulo anabweranso atanyamula kachigayo kena kotchipa, kokhala ndi kampeni kozungulira pansi, akuti ndiwapatse madamu ngati mphatso, nkhani ithere pomwepo.

Ndisakunamizeni, maganizo amenewo anandikomera. Nthawi imeneyo magetsi ankathimathimadi, ndipo bodzalo likanayenda lokha popanda kulikankha. Koma agogo anuwa, odwala omwewo, anadzuka pa mphasa n'kunena kuti, "Ku Diepsloot tinathamangitsidwa opanda mlandu, n'chifukwa chake ndimagona tulo. Musandigoneke m'chipinda cha bodza. Mwawononga ndinu, kagulani chenicheni, ndipo mukanene nokha." A Sitima anangoti, "Alamu, inu ndiye ndi khoti," n'kuvala chipewa.

Ndinayesabe ka a Sitima kaja ndi njere pang'ono, ndipo nditatsina khofi wake ndi zala n'kufanizira ndi uja ndinakhuthulira m'kambale, ndinaona kuti sizikugwirizana. Wa m'kambale anali wofanana yense, ngati misere yosefedwa bwino, koma wa kampeni anali fumbi pena, zibenthu pena. Fumbi limenelo likanadutsa pa sefa ya kabotolo kaja, madamu akanamwa matope. Ndinakulunga khofi wa m'kambale uja m'kapepala, ndinaika m'thumba la malaya, ndipo masiku anayi otsalawo ndikamaliza ntchito ndinkakwera teksi kukazungulira mashopu.

Inu lero mumangokanda foni n'kuona mitengo yonse muli chigonere, koma ife tinkafunsa ndi miyendo. Kofanana ndi ka madamu ndinakapeza m'shopu ina yaikulu, koma mtengo wake nditauona ndinachita kubwerera chafutambuyo, malipiro anga a miyezi iwiri sakanakwana. Totchipa tonse tinali ta kampeni. Ogulitsa ankandiyang'ana nsapato kaye asanandiyankhe, ndipo wina anandiuza kuti, "Madala, khofi wogayagaya alipo m'mapaketi, mukuvutikiranji?"

Tsiku lachitatu ndinatsikira ku Yeoville, kwa mkulu wina wa ku Ethiopia amene ankakazinga khofi pakhomo pa kashopu kake, fungo lake kumveka msewu wonse. Ndinamuonetsa kapepala kanga ndipo ndinamuuza zonse, za mtedza zomwe. Anaseka mpaka kupukuta misozi, koma atatha anandikhazika pa mpando. Anati zogayira khofi zili mitundu iwiri, china chimatema njere ndi mpeni, china chimaphwanya njere pakati pa zitsulo ziwiri za mano, ndipo mpata wa pakati pa zitsulozo ndi umene umalamula kukula kwa khofi. Atangotero ine m'mutu munayera, ndinati imeneyo ndi mphero ndi mwanamphero, mmene amayi anga ankaperera mawere. Chinthu ndinachidziwa ndili mwana, kungoti kuno anachiveka magetsi.

Mkulu uja anandilangiza kuti ndisatengeke ndi kunyezimira kapena kuchuluka kwa mabatani. Anati ndikatsekule pamwamba ndione mano ndi maso anga, ndione ngati chitsulo chapamwamba chimachoka kuti munthu azitsuka, ndione ngati pali potembenuza kuti khofi atuluke wosalala kapena wa misere, ndipo koposa zonse ndisalipire ndisanagayitse. Anandipatsanso njere zodzaza dzanja zoti ndikayesere, osandilipiritsa.

Kuona maso a nkhono n'kudekha, ana anga. Tsiku lomaliza, m'kashopu kena ka ziwiya m'tauni, ndinapeza aka mukukaonaka, kali pansi pa shelefu, bokosi lake litachita fumbi. N'kapulasitiki, kopepuka, kopanda ulemerero uliwonse, koma nditatsekula ndinaona mano awiri achitsulo akundisekerera. Ndinauza mtsikana wogulitsa kuti ndikufuna kuyesa. Anati sizololedwa. Ndinati, "Mwana wanga, kwathu mbuzi sitigula ili m'thumba." Anakaitana mwini shopu, ndipo iye ataona mdala wavula chipewa, wayala kapepala ka khofi pa kauntala, anangoti ayese. Ndinagaya koyamba, kunatuluka wosalala kwambiri. Ndinatembenuza, ndinagayanso, ndinatsina uku ndi uku nditatsinzina, mpaka kachitatu zala zanga zinalephera kusiyanitsa wa m'kapepala ndi watsopano. Anthu anali atandizungulira ngati ndikuchita matsenga. Mwini shopu nayenso anatsina, n'kunena kuti, "Shapu madala, inu mukuidziwa ntchito." Ndinalipira ndi zomwe tinali titasunga, ndipo ndinatuluka nditanyamula bokosi pachifuwa ngati khanda.

Madamu anafika Lamlungu masana. Ndinadikira kuti akhale pansi, kenako ndinaika zigayo ziwirizo pa tebulo, chakufa ndi chatsopano, ndipo ndinafotokoza zonse osasiya kanthu. Wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko. Nkhope yawo inafiira, anagwira kachigayo kakale kaja n'kukasisita, ndipo anati, "Layisoni, aka kanali ka amuna anga. M'mawa uliwonse ndikamva kakulira, ndimakhala ngati ali m'khitchini." Apo ndiye mtima wanga unasweka, chifukwa ndinazindikira kuti chimene ndinawononga sichigulidwa m'shopu iliyonse. Ananyamula kakaleko n'kulowa nako kuchipinda.

Masiku awiri sanandilankhule. Khofi ndinkapanga, ndinkaika pa tebulo, ankazizira pomwepo. Agogo anuwa anayamba kupinda zovala n'kuika m'chikwama, ndipo ine ndinali nditafunsa kale a Sitima ngati kwawo kungapezeke pogona anthu awiri. Mantha ndinali nawo, sindibisa, koma manyazi ndinalibe.

Lachitatu m'mawa madamu anandiitana. Ndinapeza kapu ili m'manja mwawo, yatsala theka. Anati, "Ukanatha kundiuza kuti kanangofa kokha. Ndikanakhulupirira."

Ndinati, "Ndikudziwa, madamu."

"Aka wasankha ndiwe?"

"Ndine, madamu. Ndi zala zangazi."

Anamwanso pang'ono, anayang'ana pansi pa kapu ngati muli matope, munalibe. Kenako anafunsa kuti, "Nanga mkazi wako, ndiwo zija anadya?" Ndinawauza kuti anadya, chifukwa ka kampeni ka a Sitima kaja, kolephera khofi, kanapezeka kuti pa nsinjiro ndi katswiri, ukamadina pang'onopang'ono. Agogo anuwa anatendera nkhwani n'kumaliza mbale yonse, koyamba m'miyezi yambiri. Madamu anagwedeza mutu n'kunena kuti, "Ndiye kamuuze amasule chikwama, ndamuona pa windo. Ndipo mawa khofi akhale chimodzimodzi."

Ndinakhala pa nyumba imeneyo zaka zina zisanu ndi zitatu, ndipo kuyambira chaka chimenecho makiyi a nyumba yonse ankakhala m'thumba langa. Anzawo akabwera n'kuyamikira khofi, madamu ankaloza ine, ndipo awiri mwa iwo ananditenga pa galimoto kuti ndikawasankhire zigayo zawo, ine mwana wa ku Thyolo amene sukulu ndinalekeza Sitandade 4. Mu 2017 madamu mawondo atawakanika, mwana wawo anabwera kudzawatenga, katundu yense anapakidwa, ndipo ine ndinali nditaika kale kachigayoka m'bokosi lopita ku Durban. Madamu anakatulutsa ndi manja awo n'kundipatsa. Anati, "Aka si kanga. Unagula ndiwe, ine ndinkangobwereka." Kakale kaja, kakufa, ndi kamene anapita nako.

Titasamukira kuno ku Orange Farm, m'mawa woyamba ndinagaya khofi m'nyumba yangayanga, ndinakhala pakhomo apo, ndipo ndinamwa kapu yonse osalavula, zaka makumi anayi chitcholereni njere zake. Anali wowawabe, koma ndinamumva kukoma.

Tsono inu mwabwera kumene, mudzalowa m'nyumba za anthu ndipo mudzagwira zinthu zimene simukuzidziwa. Funsani musanadine batani. Mukagula chinthu, tsekulani muone mano ake, musagule ndi maso okha. Ndipo tsiku limene mudzawononge, poti lidzafika ndithu, mukaime pamaso pa mwini wake n'kunena ndi pakamwa panu, chipinda chikatsala chikhale chanu mwachilungamo. Madzi awira tsopano. Bweretsani kachigayoko kuno ndikuonetseni potembenuza, koma thumba la mtedza mwabwera nalolo lipite uko kwa agogo anu.