Buku limene ndinabisa m'nkhokwe ya chinangwa

Olemekezeka a Gogo Chalo ndi mafumu onse,
Olemekezeka bwana mkulu wa zaumoyo m'boma lathu la Nkhata Bay,
Abusa a mpingo wathu wa ku Bandawe,
Anamwino ndi azamba, makamaka Ama Mavis Longwe amene munapuma ntchito koma maso anu sanapume,
Amayi a ku sikelo amene mwakhala padzuwa pomwe akuluakulu tili pamthunzi,
Ndakulonjerani nonse.

Papulogalamu mwalemba kuti "Dokotala Ethel Manda". Fufutani. Udokotala ndinausiya m'chaka chachitatu ku yunivesite, nditatenga mimba. Anzanga a m'kalasi lero ali ndi zilembo kutsogolo ndi kumbuyo kwa maina awo. Ine ndili ndi malole a usipa. Koma makina ounikira amene tikupereka lerowa sanagulidwe ndi zilembo. Agulidwa ndi usipa.

Mwana wanga woyamba, Watipaso, anabadwa kudzera opaleshoni. Apongozi anga ankati, "Mkamwana wophunzirayu ngwaulesi, mpaka kubereka amuberekere ndi mpeni." Mawu amenewo anandilowa m'mafupa. Nditaimanso, ndinabisa buku langa la kuchipatala m'nkhokwe ya chinangwa n'kukatenga latsopano, kuti azamba asaone za opaleshoniyo n'kunditumiza kukadikirira kuchipatala cha kuboma, ndibereke ndekha, anthu atseke pakamwa.

Ama Mavis atandigoneka kuti andipime, anafunsa, "Chipserachi nchachiyani, mwana wanga?" Ndinati anandichotsa chotupa. Sukulu yanga yosathayo inandithandiza chimodzi: kusankha bodza lomveka. Iwo anati, "Ethel, ine ukhoza kundinamiza, koma chiberekero chako chikukumbukira." Musaweramitse mutu, Ama, munanena zoona.

Inu asodzi mukudziwa kuti pamene ukonde unasokedwa pamagwira, koma sipatamuka ngati kale. Chiberekero nachonso chimapola, koma pa mimba yotsatira, mwa amayi ena, magazi sayenda momasuka ngati poyamba, ndipo nthawi zina nsengwa imakamera pachipsera pomwepo. Tsono magaziwo ndiwo amatengera mwana chakudya ndi mpweya. Akachepa, mwana amafota mwakachetechete, mayi akulima, akuseka, akuimba kwaya.

Wanga anali wamwamuna. Anabadwa wochepa ngati botolo, ndipo sanalire. Sindinganene kuti chipsera ndicho chinamupha, chifukwa panalibe makina oti atiuze. Chimene ndikudziwa nchakuti amene akanandiyang'anira ndinawamanga m'maso ndine.

Lero m'mawa, tisanayale mipandoyi, munthu woyamba kugona pabedi la m'chipinda chatsopanochi anali Watipaso yemweyo. Wandilola kuti ndinene. Nayenso ali ndi chipsera, ndipo ali ndi mimba yachiwiri ya miyezi isanu ndi umodzi. Makina atayatsidwa tinamva magazi ake akuyenda, fuu, fuu, fuu. A dokotala anati mbali imodzi akuyenda mopanikizika pang'ono, choncho azibwera milungu iwiri iliyonse, ndipo akaberekera kuboma. Watipaso anati, "Ama, mukulira chiyani? Kodi ndi nkhani yoipa?" Ndinati ayi, mwanawe, yoipa ndi imene umaimva mochedwa.

Ululuzani ndithu, amayi, musaope mabwana!

Apongozi muli panowa, ndikukuonani. Mkazi amene anang'ambidwa kuti mdzukulu wanu akhale moyo si waulesi. Amene akufuna kutsutsa, mpeni ulipo, abwere ayeseko. Abambo, kuperekeza mkazi ku sikelo sikuchotsa ndevu.

Buku lija ndi ili. Chiswe chinadya chikuto, koma tsamba la opaleshoni chinalisiya. Ama Mavis, dzukani mulandire. Ndachedwa nalo zaka makumi awiri ndi zinayi.

Tsono ndi mphamvu zimene mwandibwereka lero, ine Ethel Manda, wopanda chilembo, ndikulengeza kuti chipinda chounikira amayi oyembekezera kuno ku Chintheche chatsegulidwa. Mayi aliyense alowe ndi buku lake lakale.

Yewo ukongwa. Zikomo kwambiri.