Inki pa Baji ya a Tcheyamani

Abale ndi alongo mwa Ambuye, landirani moni wanga nonse amene mukuwerenga mawu awa. Ine ndine Ledisoni, mmisiri wa matabwa wa pa Zalewa. Ndikufuna ndikuuzeni za nthawi imene ndinatsala pang'ono kutengedwa ndi achipani chifukwa cha cholembera, ndi mmene Mulungu anandilanditsira.

Zinali zaka zija za chipani chimodzi, anthu othawa nkhondo ku Mozambiki atadzaza ku Luwani. Ndinali ndi makina osemera mtengo mouzungulitsa, opalasa ndi phazi, amene ndinkapangira miyendo ya mipando ndi ya matebulo. Tsiku lina ndinatola kachidutswa kouma ka mtengo wa phingo, ndinakaboola pakati, kukasema, n'kulowetsamo kachubu ka inki kochotsa m'bolopeni ya m'sitolo. Chinatuluka cholembera chakuda bii, chosalala, cholemera bwino m'manja. Mphunzitsi wina anachitenga, ndipo mbiri yake inakafika kwa a Matewere, amene anali tcheyamani wa chipani m'dera lathu.

A Matewere anabwera okha kushedi kwanga. Anati kukubwera nduna kudzachititsa msonkhano, mbuzi ndi mazira zasonkhedwa kale, ine ndipange zolembera zodzaza kabokosi kuti zikhale mphatso ya dera lonse. Masiku amenewo zinthu ngati izi munthu sunkakana. Ndinavomera ndikumwetulira, koma mtengo wouma ndinalibe, choncho ndinalowa m'tchire kukadula wauwisi.

Mavuto anayambira pomwepo. Ndinkayamba ndasema mtengo mpaka kuwonda, kenako n'kuumanga pabenchi, n'kumauboola ndi dirilo ya pamanja. Kachitsulo koboolera kankalowa bwino poyamba, koma mkatimo kankakhota, n'kukatulukira m'mbali. Ndikakankha mwamphamvu kuti kawongoke, mtengo unkatentha, kufuka utsi, kenako n'kung'aluka. Zolembera zingapo zimene zinapulumuka zinali ndi vuto lina. Mu china kachubu ka inki kankagwedera, ukati ulembe nsonga n'kuthawira mkati. Mu china bowo linkathina moti kachubu kankapindika ndisanakafikitse. Pansi pa makina panadzaza timitengo tong'aluka, tsiku la msonkhano likuyandikira.

Chimodzi chokha n'chimene chinaoneka bwino, ndipo a Matewere atadutsa kudzaona ntchito anachitenga n'kuchikoleka m'thumba la malaya. Patapita masiku ochepa anabweranso masana, dzuwa lili paliwombo, ali ndi achinyamata awiri a malaya ofiira. Achinyamatawo anaima pamsewu. Iwo analowa mushedi, n'kuchotsa dzanja limene anaphimba nalo pachifuwa. Mtengo wauwisi uja unali utauma ndi kutentha kwa kwathu kuno, n'kufinya kachubu mpaka kuphulika. Inki inali itayenderera pamalaya, n'kudetsa baji ya chipani, pankhope penipeni pa mtsogoleri wa dziko.

"Kodi mwachita dala, amisiri?" anandifunsa motsitsa mawu.

Ndinangogwada pautuchi pomwepo. Iwo anavula bajiyo mwachangu n'kuibisa m'thumba la buluku.

"Anyamatawo sanaione," anatero. "Koma zikakachitika izi m'thumba la bwana nduna, ine sindikudziwani."

Amene munakhalako nthawi imeneyo mukudziwa tanthauzo la mawu amenewa. Munthu ankatha kunyamulidwa chifukwa chokulunga nsomba m'nyuzipepala ya chithunzi cholakwika, abale ake osadziwa kumene wapita, osayerekeza n'kufunsa komwe. Kuyambira tsikulo galimoto iliyonse yoima pamsewu inkandidula mtima. Ndinkayang'ana ana anga akusewera pabwalo n'kumaganiza kuti adzawalera ndani. Ndinaganizapo zothawa, koma ndikanalowera kuti, poti tsidya linalo, ku Mozambiki, anthu ankathawako nkhondo? Pa makina napo mitengo inkasweka kuposa kale.

M'mawa wina mkazi wanga, Nasibeko, anandipeza nditakhala pansi mushedi, ndikungoyang'ana makina. Anayala chitenje chake pautuchi, tinagwada. Ine mawu anandithawa, ndinangoti, "Ambuye, nzeru zanga zatha. Ngati simundionetsa njira, ana awa atsala okha." Iye ndi amene anapemphera motalika, akulira.

Tsiku lomwelo chakumadzulo pang'ono kunafika bambo wa mwendo umodzi, wochokera ku Luwani. Dzina lawo linali Zuze. Mwendo winawo unaduka ndi bomba lokwirira pansi, ndipo chogwirira cha ndodo yawo ya m'khwapa chinali chitathyoka, ndiye ankafuna mmisiri. Nasibeko anawapatsa mpando ndi madzi akumwa, ine ndinawapempha adikire kaye. Anakhala n'kumandiyang'ana ndikuboola, mpaka kachitsulo kanatulukiranso m'mbali.

"Amisiri," anatero m'Chichewa chosakaniza ndi Chisena, "inu mukuzunguza chitsulo. Zunguzani mtengo, chitsulo chiime."

Anandiuza kuti kwawo nkhondo isanafike ankapanga zitoliro, ndipo bowo la chitoliro likakhota pang'ono, nyimbo yonse yawonongeka. Anasendeza mpando pafupi ndi makina. Anati ndimange mtengo pa makinawo udakali wonenepa, ndisanauseme, ndiuboole kaye ukuzungulira, kusema kubwere pambuyo motsatira bowo. Anatenga kachitsulo kanga koboolera, kukayang'ana padzuwa, n'kundionetsa kuti ndinkakanola mbali imodzi kuposa inzake, n'chifukwa chake kankakokera kumbali ndi kukulitsa bowo. Anakanola okha pamwala, modekha. Anati ndizilowetsa pang'ono, n'kutulutsa, kuchotsa utuchi, kudikira chitsulo chizizire. Bowo likathina ndisakakamize kachubu, koma ndikulunge sandipepala pa sipoko ya njinga, n'kumapala mkatimo mpaka kachubu kalowe mongokankha ndi chala.

Kenako ananunkhiza kachidutswa kamodzi n'kupukusa mutu. Anati ngakhale titaboola mowongoka bwanji, mtengo wauwisi udzafinyabe. Mtima wanga unagwanso, poti nthawi youmitsa mtengo panalibe. Nasibeko, amene ankamvetsera ali pakhomo la khitchini, analowa m'nyumba n'kutuluka ndi munsi wake wa phingo, umene anamusiyira malemu mayi ake. Anauika pabenchi n'kunena kuti, "Dulani. Ndizikabwereka kwa anzanga."

Bambo Zuze anagona kwathu masiku amenewo. Ine ndinkapalasa makina, iwo atagwira chitsulo, akumvetsera kulira kwake ndi kundiuza poimira. Nditaona kachitsulo katatulukira pakati penipeni kumapeto kwa mtengo woyamba, ndinangokhala pansi. Cholembera chilichonse chikatha tinkachiika pamalata padzuwa tsiku lonse kuti tione ngati chiphulike. Palibe chimene chinatulutsa inki.

Tsiku la msonkhano ndinaima kumbuyo kwa khamu, thukuta lili kamukamu. Amayi ankavina, mbuzi zikulira pamtengo pamene anazimanga. A Matewere anagwada popereka kabokosi kaja. Nduna inatsegula, kutenga cholembera chimodzi, kuchitembenuza, n'kukhwatcha pachikhatho chake. Inagwedeza mutu, kuchikoleka m'thumba, n'kupereka kabokosiko kwa wonyamula chikwama. Basi, zinathera pomwepo. Komabe milungu ingapo yotsatira ndinkadzidzimuka galimoto ikaima pamsewu, mpaka ndinazindikira kuti palibe akubwera. A Matewere sanatchulenso za baji ija mpaka imfa yawo.

Ndodo ya bambo Zuze ndinaikonza, ndipo ndinawasemeranso ina yatsopano ya mlombwa. Nkhondo itatha anabwerera kwawo, sindinamvenso za iwo. Ndimawatchulabe m'mapemphero anga.

Ndikuthokoza Mulungu amene anamva pemphero la munthu wosowa mawu. Ndikuthokozanso mkazi wanga, amene anasinja ndi munsi wobwereka nyengo yonse ya chaka chimenecho osadandaula. Inu amene mantha akugwirani lero, kaya ndi matenda, kaya ndi mlandu umene simunaupalamule, musaleke kugwada. Ine ndinkayembekeza kuti thandizo libwera kuchokera kwa anthu amphamvu, koma linabwera likutsimphina pa ndodo yothyoka, likufunanso thandizo kwa ine. Wina akagogoda pakhomo panu tsiku limene mwathedwa nzeru, mupatseni mpando. Ambuye akusungeni nonse. Ameni.