Mwendo wa Achimwene Unatsogola Kumanda

Chaka chimene tinavotera zipani zambiri koyamba, ambiri a inu musanabadwe, achimwene anga a Saidi anali ndi ukonde wawowawo wa chilimira pagombe lino la Senga Bay, munthu wamtali wosamva za mnzake, ndipo ine mng'ono wawo ndinkangowakokera ukonde. Pitirizani kusoka maukondewo, makutu sagwira singano.

Msomali wa m'bwato unawabaya kuphazi, kabala kakang'ono ndithu, koma m'thupi mwawo munali shuga amene sitinkamudziwa. Masiku ano mumangobayitsa chala n'kumva zotsatira muli chiimire, koma ife tinkati chilonda cha msodzi chimapola ndi madzi a m'nyanja. Pamene tinkawatengera kuchipatala kuboma zala zinali zitada bii, ndipo adokotala ananena mosapsatira kuti mwendo udulidwe pansi pa bondo, tikachedwa adzadula pamwamba, tikachedwanso tidzanyamula maliro.

Achimwene anati toto. Alamu anga a Mariamu analira, ine ndinakalipa, iwo ankangotembenukira kukhoma, ndipo kuda kuja kunkakwerabe. Tonse tinkati akuopa mpeni. Amene anatiwombola ndi anamwino ena, mayi wachikhristu wochokera kumpoto, amene anakoka mpando n'kukhala pambali pa bedi.

"Bambo, mankhwala ogonetsa alipo, simudzamva kanthu. Chikukuvutani n'chiyani kwenikweni?"

Achimwene anati, "Mayi, mpeni sindiuopa. Koma ndamva kuti zimene mwadula mumakazitentha kuseri uko pamodzi ndi mabandeji. Mwendo uwu wandiimika pa mapemphero a swala kuyambira ndili mnyamata. Ndikaupereka kumoto, ndikayankha chiyani tsiku la Kiyama, tsiku lachiweruzo?"

"Ndiye bwanji osanena? Achibale akapempha timawapatsa kuti akaike okha."

Mwaona? Safunsa anadya phula. Koma musawaseke achimwene, chifukwa ife tinakula nthawi imene munthu wa yunifolomu sunkamufunsa kanthu, ndipo ngakhale pakamwa panali patatsegulidwa kumene ndi mavoti aja, lilime linali lisanazolowere.

Atavomera, zokonzekera zinayenda bwino. Achipatala anayamba awatsitsa shuga ndi jakisoni, ine ndi asuweni athu tinapereka magazi, ndipo anawaphunzitsiratu kugwira ndodo mwendo ukadalipo kuti manja azolowere. A Shehe anabwera kudzachita duwa, ndiye kuti pemphero, atanyamula sanda, nsalu yoyera yokulungira maliro, ndipo m'mawa wa opaleshoni achimwene analowa osadya kanthu, ali phee ngati akupita kumzikiti.

Ataudula, mwendowo anandipatsa ine, utakulungidwa mu sanda ija, ndipo ndinaumanga pakeriyala ya njinga. Msewu wochokera kuboma ndaupalasa kambirimbiri ndi madengu a usipa, koma tsiku limenelo ndinkazemba dzenje lililonse, ndipo misozi inanditsika njira yonse. Tinauika kumanda kwathu mwaulemu, a Shehe n'kunena kuti malo a pambali pake asakumbidwe.

Kupola kunatenga miyezi. Alamu ankakulunga bandeji potsalira paja tsiku ndi tsiku kuti paphwe, n'kumawagoneka chafufumimba kuti bondo lisaume litapindika, ndipo patapola ndinawaperekeza ku Blantyre kumene anawayeza ndi pulasitala n'kuwapangira mwendo wapulasitiki. Anatichenjeza kuti azivala sokisi youma, aziuvula pogona, aziupukuta m'kati, ndipo asauumike pamoto.

Koma msodzi ndi msodzi. Atangozolowera kuyenda anatsikira nawo kugombe kukakoka ukonde mpaka m'madzi, mchenga n'kulowa m'kati, n'kumawapala iwo osamva, chifukwa shuga amapha khungu. Panatuluka kabala kena, ndipo mantha amene tinachita pamenepo sindidzawaiwala. Alamu anaulanda mwendo uja n'kuupachika kudenga.

"Bambo a Hawa, kumanda kuja mukufuna kumapitako zidutswazidutswa? Alamu angawa njinga yawo yatopa."

Achimwene anaseka, koma anamva. Anakhala pamkeka mpaka kabalako kanapola, ndipo kuyambira pamenepo madzulo aliwonse ankadziyang'ana potsalira paja ndi kalilole wa alamu, akaona pofiira n'kupita kuchipatala osadikira kuwakankha. Ntchito yawo inasanduka kusoka maukonde pamthunzi, pamene mwakhala inupo, ndipo anaona zidzukulu zawo zikuyenda.

Atamwalira tinakumba pamalo paja a Shehe anasunga, ndipo anagona pambali pa mwendo wawo monga ankafunira. Wapulasitiki uja anali atanenetsa kuti tisaukwirire, tiubweze kwa amene anaupanga, mwina zitsulo zake zingayendetse munthu wina.

Choncho ana anga, chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe. Dokotala akanena mawu owawa, funsani chimene chikukuopsani, musamangoyang'ana kukhoma. Ndipo iwe Yusufu, kansanza wamanga kuphaziko ndakhala ndikukaona kuyambira mwezi watha. Mawa upite ukawaonetse. Ine ndakalamba, njinga ija sindingaipalasenso.